KUPANGA CIFANIZIRO CA NGALAWA YA VICTORY

Pa doko la Portsmouth ku Mangalande pali ngalawa yankhondo yakalekale dzina lake Victory. Msana wake unayalidwa ku Chatham m'caka ca 1759, ndipo ngalawayo inatsitsidwa m'madzi pa 7 May, 1765. Wolemba mapulani ake anali Thomas Slade. Mitengo yonga 6,000 inagwetsedwa kuti ngalawa imodziyi imangidwe, yambiri ya iyo inali ya mtundu wolimba wochedwa oak. Ndiyo imene inanyamula Nelson, mkuru wa asilikari a pamadzi a Angelezi, pa nkhondo ya Trafalgar pa 21 October, 1805. Tsiku limenelo munali mizinga 104 ndi anthu oposa 800. Angelezi anagonjetsa ngalawa za Afalansa ndi Aspanya, koma Nelson mwini wake analasidwa ndi cipolopolo nafera m'ngalawamo. Kuyambira m'caka ca 1922 Victory sayendanso panyanja. Akhala pouma, ndipo anthu amapita kukamuona.

M'maiko ambiri muli amisiri amene amakonda kupanga cifaniziro cacing'ono ca ngalawa imeneyi ndi mitengo, m'nyumba zao, akaweruka ku nchito. Luso ili silacilendo ai. Kale akuru a ngalawa za Mfumu ya Mangalande anali kusunga zifaniziro zopangidwa ndi amisiri a m'madoko ao. Pa nkhondo za Napoleon, akaidi Acifalansa amene anatsekeredwa ku Mangalande anali kusema tingalawa ndi mafupa otsala pa cakudya cao nkumatigulitsa. Sing'anga wina, C. Nepean Longridge, anapanga Victory wamng'ono amene analandiridwa ku Science Museum ku London, ndipo m'caka ca 1955 anaturutsa buku lofotokoza nchitoyo. Amene anaonapo mwana wa m'komboni akupinda waya kupanga galimoto adziwa kale mtima wa nchito yotere. Kusiyana kwake nkwakuti mmisiri wa ngalawa sayerekeza ndi maso okha: kanthu kali konse akayesa ndi muyeso.

Muyeso

Coyamba mmisiri asankhe kucepa kwa cifaniziro cake. Amisiri akale anali kukonda kuti kota ya inchi iimire phazi limodzi, ndiko kuti cinthu ciri conse cicepetsedwe ka 48. Cipinda ca mizinga ca pansi m'Victory ndi cotalika mapazi 186, ndipo mimba ya ngalawayo ndi pafupifupi mapazi 52. Pa muyeso umenewu cipinda cokhaco citalika mainchi 46 ndi theka, ndipo cifaniziro conse citalika koposa pamenepo. M'nyumba yaing'ono cinthu cotere cisowa pokhala. Cifukwa cake ambiri amacepetsa ka 96, kuti inchi imodzi iimire mapazi 8. Pamenepo utali wa cipindaco ukhala mainchi 23 ndi kota, mimba mainchi 6 ndi theka, ndipo thabwa limene pa ngalawa yeniyeni linali la phazi limodzi m'mimba mwake likhala gawo limodzi mwa magawo 8 a inchi. Mapulani akale a ngalawa za boma amasungidwa ku National Maritime Museum ku Greenwich, ndipo mapulani ogulitsidwa kwa amisiri amatsata mizere yomweyo.

Mitengo yake ikhale youma bwino ndi ya mitsempha yaing'ono yowongoka. Amisiri a ku Ulaya amakonda mtengo wa peyala wa kwao, wa box ndi wa lime. Oak weniweni sayenera, pakuti mitsempha yake ndi yaikuru: pa kanthu kakang'ono ioneka ngati ming'alu. Kuno tizidutswa ta mlombwa, umene ku migodi amati mukwa, tingathandize ngati tasankhidwa bwino, cifukwa mlombwa ukauma sukhota kwambiri. Thabwa laliwisi ndi mdani. Limamatika bwino m'dzinja, koma pofika m'cilimwe lauma, lakhwinyata, lasiya mipata.

Msana ndi nthiti

Ngalawa imamangidwa monga thupi la nyama: msana pansi, nthiti m'mbali, matabwa ngati khungu. Mmisiri akhomera msana pa thabwa lalikuru losalala kuti usagwedezeke, nalumikizako mtengo wa kumphuno ndi wa kumbuyo kumene kukhala tsigiro. M'mbali zonse ziwiri za msanawo asemamo kangalande kakang'ono, m'mene m'mphepete mwa thabwa loyamba mudzalowe. Kenaka aimika nthiti. Ena amapanga nthiti iri yonse ndi tizidutswa tolumikiza monga anacitira amisiri a ku Chatham. Ena, makamaka oyamba kumene, amaceka nthiti zathunthu pa pulaiwudi. Njira iri yonse, nthiti iyesedwe ndi sikweya guluu asanaume. Munthu wa pansi pa mgodi adziwa kuti mzati umodzi wopendekeka ulemetsa anzake onse. M'ngalawa momwemonso.

Tsopano ifika nchito imene sidzaonekanso ndi maso ngalawa ikatha, koma ndiyo imene iweruza zonse. Nthiti zikacekedwa, m'mbali mwake muli mowongoka. Koma thupi la ngalawa lipindika polowera kumphuno ndi kumbuyo, cotero thabwa likagonekedwa ligunda pa ngondya ya nthiti pokha. M'mbalimo muyenera kupalidwa mopendeketsa ndi tupa ndi sandipepa womatidwa pa kamtengo kakatali kofikira nthiti zitatu kapena zinai pamodzi. Poyesa nchitoyi mmisiri atenga kambariro kopyapyala, konga kaja amamangira pa mitengo ya nyumba asanamate dothi, nakagoneka pa nthitizo. Kakagona pa nthiti iri yonse monse mwa m'mbali mwake, zakhala bwino. Kakatukuka, ndiye kuti nthitiyo yakula, ipalidwenso. Kakasiya mpata, nthitiyo yacepa, aimatirepo kacidutswa. Amene athamangira kumata matabwa asanatsirize ici adzaona zithupsya ndi maenje pa thupi la ngalawa yake, ndipo palibe utoto umene ungazibise.

Cifukwa cace matabwa asemedwa

Yang'anani mizere ya pa dzungu: pakati ndi yotalikirana, koma ku phesi isonkhana pamodzi. Thupi la ngalawa liri cimodzimodzi. Mtunda wocokera pa msana kukwera kumwamba ndi wautali pa nthiti ya pakati, koma ndi waufupi pa nthiti za kumphuno. Matabwa onse odutsa pakati ayenera kukapeza malo kumphunoko. Mwacitsanzo, ngati pakati mtundawo uli mainchi 5, mulowa matabwa 40 a muyeso uja. Ngati kumphuno uli mainchi 3 okha, thabwa liri lonse liyenera kuceperako mpaka litatsala magawo atatu mwa asanu a mimba yake.

Mmisiri wanzeru sayesa matabwa 40 onse nthawi imodzi. Agawa mbali ya ngalawa m'madera anai kapena asanu ndi timbariro kapena ulusi, naiyang'ana ca kumphuno ndi ca kumbuyo kufikira mizereyo itayenda mokoma. Kenaka atenga kapepala kakatali, nakazunguliza pa nthiti iri yonse, nalemba poyambira ndi pothera pa dera, nagawa mtundawo molingana ndi ciwerengero ca matabwa. Timadontho timeneti atilemba pa nthiti ndi pensulo. Motero mimba ya thabwa liri lonse idziwika pa nthiti iri yonse mpeni usanagwire mtengo.

Amisiri a ngalawa anali ndi lamulo lakuti thabwa lisathere kosongoka, pakuti nsonga yoonda sigwira msomali ndipo ivunda msanga. Opanga zifaniziro amati thabwa lisacepe kupitirira theka la mimba yake. Malo akapanikiza kumphuno, thabwa limodzi lithetsedwa lisanafike, ndipo linzake likuzidwa kuti litenge malo a awiri. Kumbuyo nkhani isanduka: kumeneko mtunda nthawi zina ukula kuposa pakati, ndipo alowetsamo kathabwa koonjezera kotseka mpata.

Kupinda ndi kumata

Thabwa lipindika mosabvuta ca m'lifupi mwa kupyapyala kwake, monga lamba wa m'cuuno. Koma yesani kupinda lamba ca m'mbali ali cigonere pa tebulo: atukuka ndi kupotoka. Thabwa lowongoka likakakamizidwa kukwera kumphuno licita comweco, m'mphepete mwake mutukuka ngati mamba a nsomba. Mankhwala ake ndi kuceka thabwalo lokhota kale. Mmisiri amata kapepala pa malo opanda thabwa, nalemba mzere wa thabwa limene lamatidwa kale, naika kapepalako pa mtengo waukuru, naceka motsata mzerewo. Pa tebulo thabwa lotere lioneka lokhota ngati cikwakwa. Pa ngalawa ligona lokha.

M'madoko matabwa aakuru anali kuwafewetsa m'bokosi la nthunzi, pafupifupi ora limodzi pa inchi iri yonse ya kucindikala kwake, ndipo anthu anali kuthamanga nawo akali otentha. Wa cifaniziro aviika kathabwa kake m'madzi otentha, nakapinda pa paipi kapena pa citini cotentha. Cofewetsa mtengo kwenikweni ndi kutentha. Madzi athandiza kufikitsa kutenthako m'kati ndi kuletsa kupserera. Kathabwako akagwiriziza pa malo ake ndi mapini kufikira katauma, pamenepo ndiye amata. Thabwa lomatidwa lonyowa lidzasiya mpata mawa.

Oyamba kumatidwa ndi matabwa ocindikala ozungulira ngalawa ngati malamba pansi pa mazenera a mizinga, pakuti ndiwo atsogolera mizere yonse. Lotsatira ndi thabwa la pa msana lija lolowa m'kangalande; ili lisaloledwe kukwera kwambiri kumphuno, cifukwa likatero lilanda malo a anzake onse. Kenaka nchito iyenda mosinthana: thabwa limodzi kudzanja lamanja, lina kumanzere. Womata mbali imodzi yonse apeza kuti matabwa akoka msana naupotoza, ndipo ngalawa yopotoka siwongokanso.

Panalibe mtengo wofika kucokera kumphuno mpaka kumbuyo. Thabwa la mapazi 24 likhala mainchi 3 okha pa muyeso wa 96. Polumikizira pake pakhale pa nthiti, ndipo polumikizira pawiri pasayandikane: pakati pake padutse matabwa atatu athunthu, monga womanga nyumba asemphanitsa njerwa. Matabwa ambiri anali kukhomedwa ndi zikhomo za mtengo, zimene zitupa m'madzi ndi kugwiritsa. Pa cifaniziro zikhomozi zipangidwa ndi nsungwi yokokedwa m'timabowo ta citsulo kufikira itaonda ngati singano. M'mipata ya matabwa amalinyero anali kukhomeramo luzi la zingwe zakale ndi kuthira phula. Wa cifaniziro angodetsa m'mphepete mwa thabwa ndi pensulo, ndipo kamzere kakuda kaoneka kokha. Thabwa lotsiriza, lotseka mpata pakati pa ocokera kumwamba ndi ocokera pansi, ndilo mboni. Ngati kuyesa kunali koona, lifanana ndi anzake.

Cobvala ca mkuwa

Pansi pa madzi matabwa a Victory anali obisika ndi mkuwa. M'nyanja zofunda muli kacirombo kochedwa teredo kamene kamaboola matabwa monga acitira ciswe, ndiponso ndere ndi tinkhono zimamera pa ngalawa ndi kuicedwetsa. M'caka ca 1761 ngalawa yochedwa Alarm inakutidwa ndi mkuwa poyesa, ndipo m'caka ca 1780 Victory naye anabvekedwa mapepala a mkuwa 3,923, liri lonse lotalika mapazi 4 ndi mainchi 14 m'mimba. Koma panabuka bvuto: mkuwa ndi citsulo zikakhala pamodzi m'madzi amcere, citsulo cidyeka msanga. Mabauti a citsulo ogwira ngalawa anayamba kutha, ndipo m'zaka za m'ma 1780 anasinthidwa ndi a mkuwa wosanganiza. Mkuwa wa Angelezi masiku amenewo unali kucokera makamaka ku Cornwall ndi ku phiri la Parys pa cisumbu ca Anglesey. Migodi ya Luanshya ndi Nkana inayamba kuturutsa mkuwa wake patapita zaka zoposa 150.

Pa cifaniziro pepala liri lonse la mkuwa likhala theka la inchi m'litali. Mmisiri aceka timapepalati pa mkuwa wopyapyala, nayamba kumata pa msana ca kumbuyo kunka kutsogolo, kuti la kutsogolo lisanjike pa la kumbuyo, monga zinaliri pa ngalawa kuti madzi asalitukule. Ena sakuta mbali imodzi, kuti matabwa ao aoneke.

Thupi lokha la ngalawa yotere litenga miyezi yambiri ya madzulo, milongoti ndi zingwe zisanayambidwe nkomwe. Tsiku lina mmisiri amata matabwa awiri okha. Tsiku lina amatula limene anamata dzulo cifukwa silinagone bwino, ndipo kumeneko sikutaya nthawi. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ngakhale Victory weniweni afuna kudekha komweko: m'caka ca 2022 ku Portsmouth kunayambika nchito yaikuru yocotsa matabwa ake ovunda ndi kuikapo atsopano, ndipo liri lonse liyenera kuyesedwa ndi kusemedwa molingana ndi malo ake, monga anacitira amisiri a ku Chatham.