Altezza yanga yakhala pansi

Toyota Altezza anaipangira makona. Inatuluka ku Japan mu 1998, imakankhidwa ndi mateyala akumbuyo, ndipo teyala lililonse limagwiridwa ndi mikono iwiri, wina m'mwamba wina m'munsi, zija amakaniko amati double wishbone. Ku Ulaya ankaigulitsa pa dzina la Lexus IS200. Anasiya kuipanga mu 2005, choncho iliyonse yomwe mukuiona mu Blantyre muno ndi nkhalamba, ndipo yanga inali nkhalamba yotheratu mawondo.

Injini inalibe vuto, inkalira bwino zedi. Matenda anali kumiyendo. Ma shock anali atataya mafuta kalekale, moti ndikangodutsa hampu galimoto inkapitiriza kuvina hampuyo ili kumbuyo. Ndikaponda mabuleki mphuno inkagwada, ndikakhota pa raundabauti thupi lonse linkapendekera kunja ngati bwato lokumana ndi mwera. Maonekedwe ndiye osakamba. Pakati pa teyala ndi bodi pankalowa zala zinayi popanda kukhula paliponse. Galimoto yokongola chonchi, koma itaima njo, mimba ili m'mwamba.

Nditanena kuti ndikufuna kuitsitsa, malangizo oyamba anabwera msanga: tidule masipuling'i ndi galainda, pofika madzulo ikhala itakhala pansi. Ndinakana, ndipo aliyense wokonda galimoto yake azikana. Sipuling'i yodula sikhalanso bwino pampando wake, teyala likalendewera m'dzenje imatha kuguluka. Mbali ziwiri sizifanana kutalika ngakhale wodulayo asamale bwanji. Choipa kwambiri n'chakuti shock imakhala yofinyika kale galimoto ili chiimire, ndiye kadzenje kakang'ono kokha, gu! yagunda pa labala wa kumapeto. Anthu ambiri amene amati galimoto yotsitsa imapweteka msana anakwera ya masipuling'i odula.

Mtima unapita kaye ku masipuling'i opangidwira kutsitsa, monga a Eibach Pro-Kit kapena a H&R, omwe amatsitsa galimoto ndi masentimita pafupifupi 3. Ndi katundu wabwino, ndipo mtengo wake suwawa kwambiri. Koma amafuna ma shock amoyo, makamaka afupiafupi ngati Bilstein B8, ndipo anga anali akufa. Kuphatikiza ziwirizo, ndalama zinkayandikira za ma coilover. Komanso ukangomanga, kutalika kwake n'komweko, chilimwe ndi dzinja lomwe. Ife kuno msewu wa mu Ogasiti si msewu wa mu Febuluwale.

N'chifukwa chake ndinasankha Tein Flex Z, ma coilover obiriwira a ku Japan. Chinandikopa ndi kapangidwe kake. Ma coilover ena amatsitsa galimoto potsitsa mpando wa sipuling'i, zomwe zimadya mpata woti shock iziyenda. Awa amafupika thupi lonse: pali mazinga kumunsi, umapotokola, chitsulo chimalowa mwa chinzake, galimoto n'kutsika koma sipuling'i ndi shock zili ndi mpata wake wonse. Pamwamba pali kachitsulo kopotokola ndi zala, makiliki 16, kolimbitsira kapena kufewetsera. Munthu woyenda m'misewu yathu akamva zimenezi amadziwa kuti wapeza chofuna mtima.

Tsiku lomanga, amakaniko anga, bambo achikulire osathamangira ntchito, anayamba ndi kugwedeza teyala lililonse galimoto ili pa jeke. "Achimwene, musaveke nsapato zatsopano phazi lothyoka," anatero, n'kundionetsa mabushi ong'ambika ndi ma ball joint akumunsi omwe anali atayamba kusewera. Tinasintha zonsezo kaye. Kenako anapaka girisi m'mazinga kuti matope ndi dzimbiri zisadzawagwire, anamanga, n'kuitsitsa pa simenti yosalala. Ankayeza ndi tepi kuchokera pakati pa limu kufika pamlomo wa bodi, mbali ndi mbali, kukweza, kupotokola, kutsitsa, kuyezanso, mpaka kumanja ndi kumanzere kunafanana ndendende.

Anyamata a pagalaji ankakuwa kuti itsikebe, igwe pansi, teyala libisale. Ine ndinaimira pa masentimita 3 ndi theka. Ngakhale ku Japan komwe misewu ndi yosalala, lamulo limafuna kuti pansi pa galimoto pakhale mpata wosachepera masentimita 9, ndiye ife a mahampu ndi maenje tipikisane ndi ndani? Ndinasiya mpata woposa pamenepo ndithu, kuti ekizozi ndi sampu ya oilo zikhale pamtendere.

Tisanasangalale tinapita nayo ku alignment, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya mateyala. Galimoto ikatsika, mateyala amapendekera m'kati kumwamba kwake, komanso amasiya kuloza kutsogolo bwinobwino. Kupendekako pang'ono kumathandiza m'makona. Kusalozako ndiye kumadya teyala mbali ya m'kati mwakachetechete, kunja likuoneka latsopano. Masipuling'i atakhazikika tinayezanso n'kubwereza alignment.

Abale inu, itatuluka m'galajimo ndinaima chapatali n'kungoseka ndekha ndi chimwemwe. Zala zinayi zija zinasanduka zala ziwiri. Malimu omwe aja, penti yomwe ija, koma galimoto ina! Inaoneka yaitali, yotambalala, yokwiya pang'ono, itagwira nthaka. Mlonda wa kuntchito anandifunsa ngati ndagula ina. Mayi a kunyumba, omwe ankati ndikuwononga ndalama, anaizungulira kawiri n'kunena kuti, "Koma abambo, yatchena."

Kukongolako n'kwa anthu oima m'mbali mwa msewu. Zanga zili pa chiwongolero. Ndinaitengera ku Zomba, n'kukwera msewu wokhotakhota wopita ku Ku Chawe, ndipo kona iliyonse inkandipatsa chimwemwe chatsopano. Ndikangokhotetsa pang'ono, mphuno yalowa kale. Thupi silipendekeranso, limangotsatira. Potsika phiri ndikaponda mabuleki, imaima chilili, osagwada. Pa hampu imakwera, kutsika, n'kukhala phee nthawi yomweyo, kuvina kuja kunatha. Chomwe sindinkayembekezera n'chakuti yotsikayi ndi yokoma kukweramo kuposa momwe inalili pa ma shock akufa aja. Ndi yolimba, inde, msewu umaumva, koma sikumenya.

Makiliki aja ndimasewera nawo ngati ndikufuna. M'tauni ndimafewetsa, ana asadandaule kumbuyo. Loweruka ndikalunjika ku Thyolo, pakati pa minda ya tiyi pomwe msewu umapindika motsatizana, ndimalimbitsa pang'ono, ndipo galimoto imayankha ngakhale chala chokha chikasuntha. Mahampu aatali ndimawakwera chopingasa, teyala limodzi kenako linzake, pang'onopang'ono, ndipo bampala sinakhulepo pansi.

Mvula ikayamba, galimotoyi ndidzaikweza ndi sentimita imodzi ndi theka. Ndi ntchito ya jeke, masipanala awiri okowa omwe anabwera m'bokosi la ma coilover, tepi, kenako alignment, basi tizipita kumudzi kukadya Khirisimasi. Mvula ikadzakata mu Epulo, Altezza idzakhalanso pansi, ndipo ulendo woyamba ndi wa ku Mulanje kudzera ku Thyolo.