Hilux Kapena Ranger: Kugula Pikapu Uli ku Kasanda

Munthu wa ku Kasanda, komboni ya m'tauni ya Kabwe, akasonkhanitsa ndalama yogulira pikapu, kaya ndi ya penshoni kaya ya soya amene wakhala akulima zaka zingapo ku Chibombo, maso ake sapita patali. Zimphona za ku America zija, Ford F-150, Ram ndi Toyota Tundra, timangoziona pa foni. Zambiri chiwongolero chili kumanzere, zimamwa petulo kwambiri, ndipo chikathyoka chitsulo chimodzi galimoto imagona pabwalo miyezi kudikira sipeya ya kutsidya la nyanja. Kuno mkangano weniweni uli pakati pa Toyota Hilux ndi Ford Ranger. Isuzu D-Max ilinso ndi anthu ake, makamaka alimi, koma lero tiyiike pambali.

Zofanana n'zambiri. Zonse ziwiri zimapangidwanso ku South Africa, Hilux ku Prospecton mumzinda wa Durban, Ranger ku Silverton mumzinda wa Pretoria. Zambiri mwa izo zimayendera dizilo, zili ndi masipuling'i a zitsulo zosanjikiza kumbuyo, ndipo zimanyamula katundu wa pafupifupi tani imodzi, omwe ndi matumba 20 a feteleza ngati ndi ya mpando umodzi. Ya mipando iwiri imachepekerako, chifukwa anthu okhala m'kati nawonso amalowa m'chiwerengerocho. Hilux ya injini ya malita 2.8 yotuluka kuyambira 2020 ili ndi mphamvu ya 150 kW, pomwe Ranger yotuluka mu 2022 ya malita 2.0 ya matebo awiri ili ndi 154 kW. Kusiyana kotere dalaivala sangakumve ali pampando. Yofuna kupatukana ndi inzake ndi Ranger ya V6 ya malita 3.0, ya 184 kW, koma mtengo wake ndi wa anthu ena.

Pamsewu wa tala, Ranger ndiyo yabwino, ndipo amene amakana izi nthawi zambiri amakhala sanaiyendetsepo. Kuchoka ku Kabwe kupita ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 140 pa Great North Road, msewu wodzaza ndi mathiraki opita ku Copperbelt, ku Kasumbalesa ndi ku Nakonde. Mpaka ntchito yokuza msewu wa Lusaka–Ndola itatheratu, ulendowu ndi wongodikira mpata wodutsa thiraki. Pamenepo Ranger imanyamuka mofatsa, giya yake yodzisintha yokha ya magiya 10 imapeza poyenera mwachangu, m'kati mulibe phokoso, ndipo ukafika ku Lusaka msana umakhala ulibe dandaulo. Hilux yopanda katundu imadumpha kumbuyo pa bampu iliyonse, mpaka agogo amene mwawatenga kupita nawo kuchipatala amagwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko ulendo wonse. Muikemo matumba asanu a chimanga, imakhazikika. Anaipanga kuti izikhala yolemedwa.

Palinso zina zimene Ford anaziganizira bwino. Ranger imaloledwa kuoloka madzi akuya mamilimita 800, Hilux 700, ndipo amene amagula nsomba cha ku Lukanga kapena kulowera ku Ngabwe m'mwezi wa February amadziwa kuti chikhatho chimodzi cha madzi chikhoza kukubwezani panjira. Ranger yotuluka mu 2022 bodi yake ndi yotakata, ndipo ili ndi popondera pambali, kuseri kwa tayala lakumbuyo, kuti munthu afikire katundu osakwera pa tayala. Kanthu kakang'ono, koma wotsitsa makireti tsiku lonse amakayamikira.

Nkhani imatembenuka tsiku limene galimoto yafuna makaniko. Kabwe si tauni yosowa manja aluso. Likulu la Zambia Railways lili konkuno, ndipo mgodi wakale wa mtovu unasiya amisiri amene anaphunzitsa ana ndi adzukulu awo kugwira sipanala. Koma luso lawo lambiri linakulira pa Toyota, chifukwa ndiyo imadzaza misewu: maminibasi a Hiace, ma Land Cruiser a boma ndi a mishoni, Hilux za mibadwo yonse. Makaniko wa pansi pa mtengo amadziwa kulira kwa Hilux asanatsegule boneti, ndipo sipeya yake, yatsopano kapena yochotsa pa inzake yogundidwa, siisowa. Ya Ranger nthawi zambiri imafuna foni ya ku Lusaka kapena ku Ndola, kenako kudikira basi imene yaitenga.

Ranger si galimoto yofooka. Vuto lake n'lakuti siikhululuka ukaiphonya. Injini za malita 2.2 ndi 3.2 za mtundu umene unayamba mu 2011, zomwe ndi zambiri pamsika wa zogwiritsidwapo kale, zili ndi pampu ya oyilo yosafuna kukhala youma. Makaniko akatsegula bawuti yotulutsira oyilo, n'kuchoka kukadya nshima kuti oyilo wakuda adonthe yense, monga amachitira ndi galimoto zina, pampu ija imatha kulephera kukokanso oyilo watsopano. N'chifukwa chake odziwa amati ntchitoyi isapitirire mphindi 10. Woiwala lamuloli amaliza injini, kanyali ka oyilo n'kukhala koyaka, ndipo akachedwa kuzimitsa injini yapita. Injini ya malita 2.0 ya matebo awiri nayo ili ndi chake: lamba wa tayiming'i amazungulira m'kati mwa oyilo. Mukathira oyilo wosayenera kapena kuchedwetsa sevisi, lambayo amayamba kunyenyeka, tizidutswa take n'kutseka kasefa ka pampu. Hilux ya 2.4 ndi 2.8 ili ndi tcheni pamalo pamenepo. Yakale ija ya D-4D, imene ambiri amaitcha Vigo, ili ndi lamba wouma wosinthidwa pa makilomita 150,000, ndipo imayatsa kanyali kokukumbutsani.

Musamve ngati Hilux ilibe chilema. Ma injekita a D-4D akatopa amagogoda m'mawa injini ikadali yozizira, ndipo kuwasintha onse anayi kumadya ndalama yambiri. Ku Australia eni a Hilux ya 2.8 anadandaula kuti fumbi losalala limadutsa m'mbali mwa sefa ya mpweya n'kudetsa kachipangizo koyeza mpweya wolowa mu injini, galimoto n'kuchepa mphamvu ili pakati pa ulendo. Mwa ziwirizi, Hilux ndiyonso imene akuba amaikonda, pa chifukwa chomwecho chimene ife timaikondera: sipeya zake zili ndi msika kulikonse. Ogula Hilux awerengeretu ndalama ya kachipangizo kolondolera galimoto, inshuwalansi yokwanira ndi geti yolimba.

Pa dizilo zinthu zinasinthako. Kuyambira 2023 paipi ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola imanyamula dizilo woyengeka kale wa sulufule wochepa, amene injini zatsopanozi zimafuna. Choopsa chatsala ndi dizilo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu. Madzi pang'ono kapena palafini wosakaniza amapha pampu ndi ma injekita a galimoto zonse ziwiri mosasankha dzina.

Tsopano fumbi, pakuti ku Kasanda fumbi si nkhani ya injini yokha. Komboniyi inamangidwira anthu a pamgodi wa mtovu ndi zinki umene unapatsa tauniyi dzina lakale la Broken Hill, ndipo ngakhale mgodiwo unatsekedwa mu 1994, mtovu unatsalira m'dothi la Kasanda, Chowa, Makululu ndi madera ena oyandikana nawo. Bungwe la Human Rights Watch linalemba za ana a kuno mu 2019, ndipo madokotala amati palibe mlingo wa mtovu m'magazi a mwana umene tingautche wabwino. Pikapu imalowa m'nkhaniyi m'njira ziwiri. Ikamathamanga m'tinjira ta dothi m'mwezi wa September imautsa fumbi limene limakagwera pa nshima ndi m'manja mwa ana osewera pakhomo. Ndipo mwini pikapu aliyense kuno tsiku lina adzapatsidwa ganyu yonyamula miyala kapena dothi lochokera ku Black Mountain, chimulu cha zotsalira za mgodi uja. Ndalamayo ndi yokopa, koma bodi yomweyo mawa idzanyamula ufa, ndiwo ndi ana a sukulu. Ine ndimati ganyu imeneyo ikanidwe, kaya galimoto ndi iti. Pogula, funsaninso ngati galimotoyo ili ndi sefa ya mpweya wa m'kati mokhala anthu, kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa wokwera. Ngati ilipo, itulutseni muione. Ikakhala yofiirira yolemera ndi dothi, musaipumphe ndi pakamwa kapena kuikung'untha pabwalo pomwe pali ana. Iikeni m'pulasitiki, mugule ina.

Pa mtengo, Hilux yakale imadula kuposa Ranger ya chaka chomwecho ndi makilomita ofanana. Ena amaona ngati akuberedwa, koma ndalama ija imabwera tsiku logulitsa. Hilux ili ngati ng'ombe m'khola: vuto likagwa pakhomo, wogula amapezeka sabata yomweyo. Ranger imakupatsani galimoto yatsopanoko ndi yabwino kukhalamo pa ndalama yochepa, koma pogulitsa mudzadikira, ndipo wogulayo adzayamba ndi kufunsa buku la sevisi.

Ndiye nditapatsidwa ndalamayo ndingatani? Ngati pikapuyo ndiyo idzadyetse banja, kunyamula chimanga kuchokera ku Mkushi, simenti, mabuloko, nthawi zina maliro, ndipo idzakonzedwa konkuno ku Kabwe ndi makaniko amene ndimamudziwa, ndingatenge Hilux, ya 2.4 ya giya yamanja, ngakhale ikhale yakale ndi zaka ziwiri kuposa Ranger ya mtengo womwewo. Tsiku limene galimoto yotere yagona ndi tsiku lopanda ndalama, ndipo Hilux imadzuka msanga. Koma ngati ndili pa ntchito ya malipiro a pamwezi, ulendo wanga wambiri ndi wa pa tala pakati pa Lusaka ndi Kitwe, ndipo ndingathe kupita nayo kwa odziwa Ford nthawi ya sevisi ikakwana osaphonya, sindingaope Ranger. Ikakhala yogwiritsidwapo kale ndingafune kuona malisiti a oyilo amene ankathiramo, ndi kuiika pa kompyuta ya makaniko ndisanapereke ngwee. Mwini wake akayamba kuzemba pa ziwirizi, ndingabwerere kunyumba pa basi ndalama ili m'thumba.