Kugona m'Hema ku Nkhalango ya Liwonde

Nkhani yathu lero ndi ya ulendo wokagona m'hema kutchire, ndi momwe munthu angapezere malo achete, kutali ndi piringupiringu wa anthu. Tiyambira pa Ntaja m'boma la Machinga, pakuti anthu a kumeneko ali ndi chuma pakhomo chimene alendo a kutsidya kwa nyanja amaulukira masiku kudzachiona.

Chumacho ndi nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1973 m'mbali mwa mtsinje wa Shire, kum'mwera kwa nyanja ya Malombe. Kuyambira 2015 bungwe la African Parks likuiyendetsa mogwirizana ndi Dipatimenti yoona za nyama zakutchire. Akakwiyo anabwezeredwamo mu 2017, mikango mu 2018, ndipo mimbulu mu 2021. Njovu nazo zinachulukana kotero kuti mu 2022 zokwanira 263 zinasamutsidwira ku Kasungu. Tikutchula izi kuti mudziŵe kuti kumeneku simungakhome hema paliponse pamene mtima wanu wakonda. Mumagona pamalo okhawo amene oyang'anira anapatula.

Njira zoloŵera ndi ziŵiri. Wochokera ku Ntaja amatsika msewu wodzera pa Nsanama mpaka ku Liwonde, n'kuloŵera chipata cha kum'mwera, pafupi ndi phiri la Chinguni. Wochokera ku Balaka angathe kupatukira pa Ulongwe, n'kukawoloka Shire pa bwato kupita ku msasa wa Mvuu. Mvuu ndi dzina lodziŵika, ndipo alendo ambiri amathamangira komweko. Wofuna bata ayambe wafunsa pachipata kapena kwa oyang'anira za misasa ing'onoing'ono imene mlendo amadziphikira yekha. Misasa yotere ilibe woperekera zakudya, n'chifukwa chake ambiri amailambalala. Kwa ife, chifukwa chomwecho ndicho ubwino wake.

Komabe chinsinsi chachikulu chili pa nthaŵi. Msasa womwewo umene umadzaza pa Isitala, pa Khrisimasi ndi pa Tsiku la Anakubala mu Okutobala, Lachiŵiri kapena Lachitatu wamba mungaupeze muli nokha. Alendo akunja amachuluka kuyambira Julayi mpaka Okutobala, pamene udzu wauma ndipo nyama zasonkhana kumtsinje kufuna madzi. Mwezi wa Meyi ndi wokoma: mvula yaleka, tchire likadali lobiriŵira, ndipo kutentha kwa chigwa cha Shire sikunayambe. M'dzinja mbalame zimachuluka ndipo anthu amachepa zedi, koma dothi la makande limaterera ndi kumiza galimoto, kotero misewu ina imatsekedwa. Funsani musananyamuke.

Tsono bata la kutchire si kuti kuli zii. Dzuŵa likaloŵa kuseri kwa migwalangwa, mvuu zimayamba kudzuma mumtsinje, fisi amalira chapatali, ndipo m'bandakucha nkhwazi ndiyo imakudzutsani. Mvuu zimatuluka usiku kukadya msipu, ndipo zili ndi njira zawo zozoloŵera. Mukaona kanjira koterako kochokera m'madzi, musakhomepo hema ngakhale mthunzi wake ukhale wokongola bwanji, pakuti mvuu yotsekeredwa njira yobwerera kumadzi ndi yoopsa kwambiri. Madzi a mu Shire musawayandikire ndi ndowa. Ng'ona za ku Liwonde n'zambiri ndiponso n'zazikulu. Malalanje ndi zipatso zina zonunkhira musagone nazo m'hema, chifukwa njovu imanunkhiza patali, ndipo nsalu ya hema si linga kwa iyo. Anyani ndi apusi, amene sachita manyazi ndi mlendo, amatsegula chikwama chilichonse chosiyidwa poyera.

Nyamulani ufa, ndiwo, madzi akumwa, tochi, neti ya udzudzu, ndi mbaula yanu. Nkhuni za tsanya zili mbwee m'nkhalangomo, koma kutola n'koletsedwa. Pa zovala peŵani zakuda ndi zabuluu, popeza zimakopa ntchentche za kashembe.

Ena adzati zonsezi n'za azungu ndi anthu andalama. Ayi. Mtengo woloŵera pachipata kwa Amalaŵi ndi wotsika kuposa wa alendo akunja, ndipo mabanja aŵiri atasonkherana mafuta a galimoto angakwanitse. Amene akufuna kupitirira apo angayang'ane kumapiri a Chikala kapena kunyanja ya Chiuta, kum'maŵa kwa Ntaja, kumalire ndi Mozambique. Kumeneko kulibe chipata, koma malo ali ndi eni ake. Ngati ndi nkhalango ya boma, pemphani chilolezo kwa a zankhalango. Ngati ndi malo a mudzi, fikani kaye kwa a mfumu dzuŵa likadalipo, mudzidziŵitse, ndipo iwo adzakulozerani pokhoma hema.