Masamu a Giredi 12 ndi digiri ya a Sista

Mvula ikagwa kuno ku Kuku madzi amafika mpaka pakhomo. A Sista oyandikana nafe amanyamula nsapato zawo zoyera m'pulasitiki, n'kukavalira pokwerera minibasi. Agwira unamwino zaka zoposa khumi ndi satifiketi ya enrolled nurse, ija ya zaka ziwiri. Mtsempha wa khanda umene ena ausowa, iwo amaupeza kamodzi.

Ndiye m'komboni timati munthu wotere akangofunsira malo ophunzira digiri, amulandira ndi manja awiri. Zikanatero ndikanakondwa. Koma osankha ophunzira sanawaonepo a Sista ali pa wodi. Chimene amayamba kutsegula ndi pepala la Giredi 12, kufuna makirediti asanu, kuphatikizapo Chingerezi, masamu ndi sayansi. Pa mayeso a ECZ kirediti imathera pa 6. Wopeza 7 kapena 8 wakhoza ndithu, koma pakhomo ili salowa. A Sista athu masamu anapeza 7, kalekale asanabereke mwana wawo woyamba, ndipo 7 ameneyo akuwatsatirabe ngati ngongole ya kaloba.

Mankhwala ake alipo, ngakhale ndi owawa: kulembanso phunzirolo pa GCE, mayeso amene amalembedwa pakati pa chaka. Ena amachita manyazi kukhala pa desiki limodzi ndi ana amene anawabaya katemera. Manyaziwo amatha tsiku loyamba lomwelo.

Palinso ganizo lakuti kuchoka pa satifiketi munthu amalumphira pa digiri. Koma njira yodziwika ili ndi makwerero. Loyamba ndi maphunziro ofupikitsidwa, amene anamwino amangoti abridged, omwe amamukweza enrolled nurse kukhala registered nurse wa dipuloma popanda kuyambiranso zaka zitatu zonse. Akakhoza mayeso a khonsolo ya anamwino n'kulembetsedwa, m'pamene amagogoda ku UNZA pa Ridgeway, ku Levy Mwanawasa Medical University ku Chainama, kapena ku mayunivesite omwe si aboma. Kwa zaka zambiri dipatimenti ya unamwino ku UNZA inkatchedwa Post Basic Nursing, dzina lonena poyera kuti inali ya anthu amene ali kale ma registered.

Nanga zija zoti popanda wachibale ku ofesi sulowa? Sindingalumbire kuti dziko lathu lilibe zokondera. Koma mawu amenewa agonetsa anthu ambiri amene sanatumize n'komwe fomu. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ochuluka, makamaka m'sukulu za boma kumene fizi ndi yotsikirapo, choncho kachinthu kakang'ono kamagwetsa munthu: laisensi yosalipiridwa chaka chino, mapepala opanda chidindo, kalata ya oyang'anira ntchito yofika tsiku lotsekera litadutsa. Wogwira ntchito m'boma ali ndi phiri linanso. Kupeza malo ku koleji si kupatsidwa tchuthi chophunzirira. Chipatala sichingatulutse anamwino onse nthawi imodzi, ndipo aliyense amene anaona kolera ya 2024, pamene bwalo la Heroes linasanduka chipatala, akudziwa chifukwa chake. Umadikira nthawi yako pa ndondomeko ya maphunziro, ndipo ukapita ndi malipiro umasaina kuti udzabweranso kudzagwira ntchito.

Kudikira kukatopetsa, maso amagwera pa zikwangwani za makoleji zimene zadzaza mu Lusaka, zolonjeza kulandira aliyense mwamsanga. Apa ndiye pofunika kuponda mosamala, poti ndalama zake nthawi zambiri ndi za chilimba cha chaka chathunthu. Bungwe la Nursing and Midwifery Council of Zambia, limene linalowa m'malo mwa General Nursing Council ndi lamulo la 2019, ndilo limavomereza sukulu ndi maphunziro ake. Funsani kumeneko musanalipire ngwee, ndipo funsani za pulogalamu yeniyeniyo, chifukwa koleji itha kuloledwa kuphunzitsa china koma osati chimene inu mukufuna.

A Sista athu alembetsa GCE chaka chino. Usiku umene sali pa ntchito, malaiti akapita, ndimawaona pa windo atayatsa tochi ya foni, mapepala a mayeso akale ali mbwee patebulo. Mphunzitsi wawo ndi mwana wa achimwene awo, wa Giredi 11, amene amalipidwa ndi vitumbuwa. Dzulo ndinamumva akuti, "Ayi anti, x muisiye mbali iyi, inayo ndiyo iwoloke."