PHUNZIRO 17: TSITSI LIKAMATHOTHOKA

Anzathu ophunzira a ku Tsangano ndi ku Macanga, lero tikambirana za tsitsi. Pa misika yathu pamabwera anthu ogulitsa timabotolo ta mafuta, amvekere: "Dzolani awa, tsitsi limera sabata imodzi!" Tisanatulutse ndalama ya fodya kapena ya mbatatesi, tiyambe tafunsa: kodi tsitsilo lathothoka chifukwa chiyani? Zifukwa zake nzosiyana, ndipo mankhwala akenso ngosiyana.

Tsiku lililonse munthu wabwinobwino amataya tsitsi pakati pa 50 ndi 100. Amenewa si matenda ayi.

1. Dazi

Dazi la abambo ndi la kumtundu. Si ufiti, ndipo silipatsirana. Mafuta a nsatsi amafewetsa khungu, koma sabweza tsitsi pa dazi. Kuli mankhwala odzola otchedwa minoxidil, amene anavomerezedwa ku America mu 1988. Amathandiza ena, koma munthu akaleka kudzola tsitsi lija limathothokanso. Bambo wa dazi asataye ndalama ya feteleza. Chipewa chomuteteza ku dzuwa chikwanira.

2. Zipere

Tikaona mwana ali ndi mabala ozungulira m'mutu, otuwa, tsitsi litaduka, zimenezo ndi zipere. Zimayamba ndi tizilombo tofanana ndi nkhungu. Zimafala ndi lumo, chipeso ndi chipewa chobwerekana. Ana oweta amazitenganso kwa ana a ng'ombe, agalu ndi amphaka.

Ena amapaka parafini, madzi a m'batire, kapena mankhwala opopera fodya ndi mbatatesi. Chonde tisachite zimenezi! Zimawotcha khungu, ndipo pa chipsera tsitsi silimeranso. Mankhwala a kumunda ndi poizoni, amalowa m'thupi kudzera pakhungu.

Zipere za m'mutu sizitha ndi zodzola zokha, chifukwa tizilombo timakhala mkati mwa tsitsi. Pamafunika mapilitsi akumwa, monga griseofulvin, kwa masabata 6 mpaka 8. Tipite naye mwana kuchipatala. Tisamusiyitse mankhwala pa njira ngakhale mabala ayambe kuoneka bwino. Mwana aliyense akhale ndi lezala lake.

3. Kusowa zakudya zomanga thupi

Apa ndiye pali nkhani yaikulu. Mwana wosiyitsidwa bere, amene akudya phala la ufa woyera lokhalokha, tsitsi lake limafiira, limapyapyala, ndipo limazuka mosavuta. Miyendo ndi nkhope zimatupa. Mwanayo sasewera, amangolira. Matendawa dzina lake ndi kwashiorkor. Dzinali linachokera ku Ghana, ndipo dokotala wina, mayi Cicely Williams, ndiye analilemba m'mabuku a zachipatala mu 1935.

Kwathu kuno ambiri timati ndi tsempho, nkuyamba kulozana zala m'banja. Pamene tikuzenga milandu, mwana akunka nafooka. Mwana wotupa miyendo yonse iwiri apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, amene timamutcha APE, angatiuze kopita.

Mankhwala oteteza matendawa ali m'munda mwathu momwe. Pophika phala la mwana, tisakanize manja 4 a ufa wa mgaiwa ndi dzanja 1 la nsinjiro kapena la ufa wa soya wokazinga. Tithire supuni ya mafuta ndi masamba osinja a nkhwani kapena bonongwe. Dzira, usipa ndi nyemba zisakhale za alendo okha. Mwana wa chaka chimodzi adye kasanu pa tsiku, ndipo apitirize kuyamwa mpaka zaka 2.

Alimi a fodya a ku Furancungo, tisiyeko mizere ya mtedza ndi nyemba. Mbewu zimenezi zimabwezeranso chonde m'nthaka. Alimi a mbatatesi ndi tirigu a ku Tsangano, tisagulitse nyemba zonse pa nthawi yokolola. Tisunge zokwanira kufikitsa banja mwezi wa Febuluwale.

4. Amayi

Mayi akabereka, kapena munthu akadwala malungo aakulu, tsitsi limatha kuthothoka patapita miyezi 2 kapena 3. Limeneli limamera lokha. Koma ngati mayi akumva chizungulire ndipo zikhatho zayera, magazi achepa, akapimitse. Kuluka tsitsi mokoka kwambiri nakonso kumadya tsitsi la pamphumi. Tiziluka momasula.

Tiwerenge ndi kulemba:

tsitsi, dazi, zipere, lumo, nsinjiro, mtedza

Tikambirane:

1. Kodi m'mudzi mwathu ana amametedwa ndi lezala limodzi?
2. Tingamuuze chiyani mnzathu amene akufuna kupaka mwana mankhwala a fodya?
3. Chaka chino tisunga zitini zingati za nyemba ndi mtedza?