Kubwezeretsa Kumva kwa Anthu a Mafupa Osachedwa Kuthyoka

Matenda a osteogenesis imperfecta amadziwika ndi kuthyoka kwa miyendo ndi mikono, koma amafikanso m'khutu, ndipo kumeneko amabwera mwakachetechete, nthawi imene kuthyokathyoka kwa paubwana kwayamba kuchepa. Gwero lake ndi vuto lobadwa nalo m'majini opanga collagen, chinthu chimene chimalimbitsa fupa. Pafupifupi theka la akuluakulu odwala matendawa samva bwino, ndipo ambiri vutoli limawayamba asanafike zaka 40. Mu 1918, madokotala awiri a ku Netherlands, van der Hoeve ndi de Kleyn, adaonetsa kuti mafupa ofooka, kuoneka kwa buluu kwa mbali yoyera ya diso, ndi kugontha zimayendera pamodzi.

Kuseri kwa nembanemba ya m'khutu kuli timafupa titatu tolumikizana, timene timapatsirana mawu mpaka kuwafikitsa ku khutu la mkati. Komaliza ndi stapes, kafupa kochepa kuposa njere ya mpunga, kotalika mamilimita atatu okha. M'matendawa, phazi la kafupaka limakhuthala n'kumatirira pa kabowo kamene likuyenera kugwedezekapo, kapena timiyendo take timaonda n'kuduka. Mawu amafika, koma njira yatsekeka. Opaleshoni imene dokotala John Shea adayambitsa ku Memphis mu 1956, ndipo idakonzedwanso pambuyo pake, imatsegula njirayo: dokotala amalowera pa bowo la khutu ndi maikulosikopu, amachotsa timiyendo towonongekato, amaboola phazilo kabowo kosakwana milimita imodzi, kenaka amaikamo kapisitoni ka Teflon kapena titanium, n'kukakoletsa ku kafupa kapakati.

Ena amati kugwira timafupa tofooka chonchi n'kudziputira ngozi. Nkhawa yawo ndi yomveka. Khutu lotere limatuluka magazi kwambiri, phazi lija likhoza kusweka n'kumira mkati, ndipo kafupa kokoletsapo pisitoni kakhoza kuthyoka pokafinya. Odwala ochepa amatuluka m'fiyeta khutulo litagontheratu. Komabe, kafukufuku wa ku Nijmegen, ku Ghent ndi ku Finland waonetsa kuti ambiri amamva bwino pambuyo pa opaleshoni, ngakhale kuti zotsatira zake sizifika pa za anthu a mafupa olimba odwala matenda ena a m'khutu otchedwa otosclerosis. Kuopsaku sikukutanthauza kuti opaleshoni ilekeke. Kukutanthauza kuti mpeni ukhale m'manja mwa dokotala amene waichita kambirimbiri.

Funso lovuta kwambiri ndi ili: kuvutikiranji, pamene matendawa amadzawononganso khutu la mkati zaka zikamapita, komanso zipangizo zothandiza kumva zilipo? N'zoona kuti pisitoni siteteza khutu la mkati, ndipo kwa ena chipangizo chokha n'chokwanira. Koma taganizirani mtsikana wa zaka 22 amene akufuna kumva aphunzitsi m'kalasi. Zaka khumi zakumva bwino pa msinkhu umenewo si zinthu zazing'ono. Ndiponso njira ikatseguka, chipangizo chimene adzachifune m'tsogolo chidzamuthandiza mokwanira, chifukwa chidzangolimbana ndi vuto limodzi m'malo mwa awiri.

Chimene chimagamula ndi kuyeza makutu. Ngati mawu odutsa m'fupa la mutu akumveka bwino kuposa odutsa m'bowo la khutu, vuto likhoza kukhala pa timafupa tija ndipo opaleshoni ingathandize. Ngati onse akumveka mofooka chimodzimodzi, siingathandize. N'chifukwa chake aliyense wodwala matendawa, ngakhale akuona ngati akumva bwino, aziyezetsa makutu pafupipafupi kuyambira ali wamng'ono.