Pasiwedi ya gulu lanu ili ndi ndani?

Kuyambira 2022, pamene boma la Zambia linakweza ndalama za chitukuko za CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, magulu achuluka m'midzi ya ku Chongwe, kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Pali makilabu a amayi oweta nkhuku, makopaletivu a alimi a tomato ndi repu, magulu a achinyamata, makomiti osamalira mijigo, ndi magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama. Gulu likangolandira satifiketi n'kutsegula akaunti ku banki, pamabuka funso limene makolo athu sankavutika nalo: nanga pa intaneti tikhala pati? Mayankho ake ndi ambiri. Ena ndi oona pang'ono, ena ndi ongomva kwa mphwake wa uje amene amagwira ntchito ku Lusaka.

Chimene chimamveka kwambiri n'chakuti gulu lopanda webusaiti anthu saliyesa gulu lenileni. Maganizo amenewa ali ndi pogwira, chifukwa bungwe lakunja likalandira kalata yanu limayambadi kukufufuzani pa Google. Koma chimene chimapangitsa gulu kukhala lovomerezeka ku Zambia ndi kulembetsa, kaya kwa Registrar of Societies, kaya ku ofesi ya makopaletivu, kaya pansi pa lamulo la mabungwe omwe si a boma la 2009. Fomu ya CDF imadzera ku komiti ya chitukuko ya wadi kenako ku khonsolo, ndipo kumeneko amayang'ana satifiketi, akaunti ya ku banki ndi ntchito imene mukufuna kuchita. Kilabu imene makasitomala ake ali pa msika wa ku Chongwe ingathe zaka zambiri ikuyenda bwino popanda webusaiti. Ngati mukufunadi kuti akunja akupezeni, tsamba limodzi ndi lokwanira: ndinu ndani, muli kuti, mumachita chiyani, munthu angakuyimbireni pa nambala iti. Webusaiti ya masamba khumi imene nkhani yake yomaliza inalembedwa zaka zitatu zapitazo imauza woiwerenga kuti gulu linatha, ngakhale mukukumanabe Lachinayi lililonse.

Kenako pali mawu aja akuti "taika pa WhatsApp, ndiye kuti aliyense wamva". Apa ndiye pamapweteka anthu. Taonani mmene zimakhalira pa msonkhano. Amlembi akufunsa chifukwa chake amayi ena sanabweretse chopereka cha feteleza tsiku lisanakwane. Amayiwo akuyankha modekha: "Amlembi, ine foni yanga ndi ya mabatani. Yaikuluyo ili ndi abambo akunyumba, ndipo anapita nayo ku ntchito." Wina akuti bandulo inatha sabata yatha. Wina uthenga anauona, koma unakwiririka pansi pa mavesi a m'mawa, zithunzi za maluwa ndi kanema wa ukwati wa munthu wosamudziwa. Boma la Chongwe lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kuchokera ku Lusaka, ndipo m'mbali mwa msewu wa Great East netiweki imagwira bwino, koma mukalowerera m'midzi pali malo amene munthu amakwera pa chulu kuti uthenga ulowe. Onjezanipo magetsi. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko, chinachepetsa madzi ku damu la magetsi la Kariba moti miyezi ina magetsi ankayaka maola atatu okha pa tsiku. Mafoni ankazima, nazonso nsanja za netiweki zinkavutika.

Sindikuti WhatsApp ndi yoipa. Kwa gulu la m'mudzi, palibe chida china chimene chimaiposa, makamaka chifukwa cha uthenga wa mawu. Agogo amene sawerenga angamve wapampando akulankhula m'Chisoli kapena m'Chinyanja, ndi liwu limene amalidziwa. Chofunika n'kuigwiritsa ntchito mwanzeru. Pakhale magulu awiri: lina la zilengezo zokhazokha, mmene amalembamo ndi ma admin okha, lina la macheza mmene aliyense ali ndi ufulu wotumiza maluwa ake. Ndipo posankha njira yolengezera, yambani n'kuganizira membala amene ali ndi foni yotsika kwambiri. Uthenga wofunika, monga tsiku la msonkhano waukulu kapena tsiku lomaliza la chopereka, upitenso pa SMS, ulengezedwe ku tchalitchi, udzerenso kwa anyakwawa. Njira zakalezi sizinathe ntchito. Pa 12 August 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa m'dziko muno mpaka bungwe la Chapter One Foundation linakadandaula ku khothi. Pa 4 October chaka chomwecho zida ziwirizi zinazima pa dziko lonse lapansi kwa maola pafupifupi 6. Amene anali ndi kabuku ka manambala a mamembala sanasowe pogwira.

Ena akuti intaneti ya Starlink, imene inafika ku Zambia mu October 2023, yathetsa mavuto onsewa. Yathandizadi masukulu ndi mafamu ena, koma chipangizo chake n'chodula, imafuna malipiro mwezi ndi mwezi, imafuna magetsi, ndipo siyipatsa amayi aja foni yaikulu.

Pa nkhani ya zaulere pali magulu awiri a anthu. Ena amati chaulere n'chachabechabe, ena amati chaulere chidzakhalapo mpaka kale. Onse akulakwitsa pang'ono. Imelo ya Gmail imabwera ndi malo okwana 15 GB, amene angasunge mamineti a misonkhano, malamulo a gulu ndi malisiti kwa zaka zambiri osalipira ngwee. Tsamba la Facebook nalonso ndi laulere, ndipo anthu a kuno amalitsegula kawirikawiri kuposa webusaiti iliyonse. Ngakhale kaloko kachitetezo kamene kamaoneka pa adiresi ya webusaiti kamapezeka kwaulere kudzera ku Let's Encrypt, choncho wokuuzani kuti mulipire ndalama zambiri pa kameneka mumufunse kawiri. Koma mwini wa chinthu chaulere akhoza kuchitseka tsiku lililonse. Google+ inatsekedwa mu 2019. Yahoo Groups, imene mabungwe ambiri ankasungamo makalata awo, inatha mu December 2020. Skype inatsanzika mu May 2025. N'chifukwa chake zolemba zofunika zizikhala pawiri: pa intaneti, komanso pa pepala kapena pa fulashi m'bokosi la amlembi.

Chikhulupiriro chimene chagwetsa magulu ambiri n'chooneka chosalakwa: "za intaneti tinamusiyira mnyamata wathu, amazidziwa." Mnyamatayo ndi wabwino, ndipo anachita zonse mwa chikondi. Anatsegula tsamba la Facebook ndi akaunti yake. Imelo ya gulu anailumikiza ku nambala yake. Webusaiti anailipira ndi khadi lake. Patapita chaka wapeza malo pa koleji ku Kitwe, kapena foni yake yabedwa mu basi, kapena wakangana ndi wapampando pa nkhani ya alawansi. Gulu latsala likuyang'ana tsamba lake lomwe ngati mlendo, losatha kusintha ngakhale nambala ya foni yolakwika.

Kuti timvetse mmene zimatayikira, tidziwe kuti webusaiti ili ndi mbali ziwiri zolipiridwa padera. Yoyamba ndi dzina la pa intaneti, limene amati domeni, lothera ndi .org kapena .org.zm. Yachiwiri ndi malo pa seva, kompyuta yosazima imene imasunga masamba anu, ndipo ntchito imeneyi ndi imene amati hosting. Zonse ziwiri simugula kotheratu, mumalipira chaka ndi chaka. Tsiku likayandikira, chikumbutso chimapita ku imelo ya amene analembetsa. Ngati imeloyo ndi ya mnyamata wa ku Kitwe uja, simudziwa kanthu mpaka tsiku limene webusaiti yasowa. Dzina likakhala nthawi osalipiridwa limabwerera pa msika, ndipo aliyense angaligule. Pali mabungwe m'maiko ambiri amene anapeza dzina lawo lakale likutsatsa juga.

Mankhwala ake magulu athu amawadziwa kale. Ku banki palibe gulu limene limalola munthu mmodzi kusayina yekha. Pamakhala wapampando, mlembi ndi msungichuma. Pa intaneti zikhale chimodzimodzi. Imelo itsegulidwe m'dzina la gulu. Domeni ilembetsedwe m'dzina la gulu, ndipo wokonza webusaiti akupatseni umboni wake musanamalize kumulipira. Tsamba la Facebook ndi gulu la WhatsApp zikhale ndi ma admin atatu, ndipo mwa iwo pakhale munthu wachikulire amene sachoka m'mudzi. Pasiwedi ilembedwe, iikidwe mu envelopu yomata, isungidwe pamodzi ndi satifiketi. Mnyamata uja apitirize kuthandiza, amuyamikire ndithu, koma asasenze zonse yekha. Si kumukayikira. N'kumupeputsira katundu, pakuti naye safuna kuimbiridwa foni ali m'kalasi.

Nanga seva ikhale kunja kapena konkuno? Ambiri amaganiza kuti zakunja ndiye zenizeni. Amaiwala kuti Zambia inalumikizidwa ku intaneti mu 1994 kudzera ku ZAMNET ya pa University of Zambia, maiko ambiri a mu Africa asanayambe, ndipo maina othera ndi .zm amayang'aniridwa ndi bungwe la ZICTA konkuno. Makampani akunja ena ndi odalirika kwambiri, koma amafuna madola ndi khadi la ku banki, ndipo mtengo wotsika umene amalengeza nthawi zambiri ndi wa chaka choyamba chokha. Kwacha ikagwa, bilu imakwera gulu lisanavomereze. Kampani ya konkuno mumailipira mu kwacha, ndipo mukhoza kuyimba foni n'kulankhula ndi munthu. Kulikonse kumene mwasankha, funsani mtengo wa chaka chachiwiri, funsani ngati amasunga kope la masamba anu, ndiponso ngati adzakulolani kusamutsa dzina lanu mukafuna kuchoka.

Palinso lamulo. Data Protection Act ya 2021 imafuna kuti aliyense wosunga zokhudza anthu ena azisamale, ndipo imanenanso zosungira zinthu zotere pa seva za m'dziko muno. Kwa kilabu ya amayi tanthauzo lake n'lapafupi: zithunzi za ziphaso za NRC, mndandanda wa amene ali ndi ngongole, maina a ana amasiye kapena a odwala amene gulu limawathandiza, zisaponyedwe mu gulu la WhatsApp la anthu 80, ndipo zisaikidwe pa Facebook pofuna kusangalatsa opereka thandizo.

Akuba nawo amadziwa kuti m'magulu muli ndalama. Amayimba mwaulemu: "Amayi, tikukonza msonkhano wa pa intaneti, tiwerengereni manambala 6 amene alowa pa foni yanu." Mukawerenga, WhatsApp yanu yapita, ndipo posakhalitsa mamembala akulandira uthenga wochokera kwa "msungichuma" woti chopereka cha mwezi uno atumize pa nambala ina. Manambala amenewo sapatsidwa kwa munthu aliyense, ngakhale atadzitchula kuti ndi wa ku khonsolo. Ma admin onse aike PIN yachiwiri imene WhatsApp imalola, ndipo gulu ligwirizane kuti nambala yolandirira ndalama imasinthidwa pa msonkhano pokha, anthu akuonana maso ndi maso.

Ngati gulu lagula SIM yakeyake, isagone m'bokosi. Nambala ikakhala miyezi yambiri osagwira ntchito, kampani imaitseka n'kudzaipereka kwa munthu wina, ndipo makodi obwezeretsera imelo yanu amayamba kupita kwa iyeyo. Amlembi aziiyika mu foni kamodzi pa mwezi, aikemo mayunitsi pang'ono, ayimbire wapampando. Ndipo pa msonkhano wa pachaka, komiti yakale ikamapereka mabuku ndi chidindo kwa komiti yatsopano, envelopu ija itsegulidwe pamaso pa onse, ayese ngati pasiwedi ikugwirabe, aisinthe, alembe yatsopano, amatenso.